Buku la Malapu Lopanda Wolandira

ZOKAMBIRANA ZA KOMITI YA GULU LA AMALAWI OKONDA MIPIKISANO YA MAGALIMOTO KU WEST MIDLANDS

Tsiku: Loweruka, 18 Okutobala 2025
Malo: Kachipinda ka kumbuyo kwa holo ya tchalitchi, Cape Hill, Smethwick
Nthawi yoyambira: 2:20 masana (tinagwirizana 2:00)

Opezeka:
Bambo Nedson Matewere, Wapampando
Bambo Clinton Chiwaya, Wachiwiri kwa Wapampando
Mayi Rahma Mdala, membala
Bambo Brave Sakala, membala woimira abale athu a ku Zambia
Mayi Deliwe Namathanga, Mlembi

Opepesa: Mayi Lena Likongwe (ali ku ntchito).
Osapezeka koma osapepesa: Bambo Godwin Makwinja, Bambo Abdul Sadiki (anabwerera kwawo ku Balaka mu 2021, koma Wapampando sanalolebe kuti dzina lawo lichotsedwe pamndandanda).

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero la chamumtima, popeza mu komiti muno muli zipembedzo ziwiri. Anathokoza onse amene anafika. Zilembedwe kuti iwo anafika 1 koloko kuchokera ku Whitmore Reans, n'kuyala mipando khumi ndi iwiri, poganiza kuti mamembala wamba abwera kudzamva nkhani ya lero. Mipando isanu ndi iwiri inakhala yopanda anthu mpaka potseka.

2. ZOKAMBIRANA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga zokambirana za mwezi wa Ogasiti. Zinavomerezedwa popanda kukonza kanthu. Bambo Sakala anazivomereza asanamve ndime yomaliza.

3. LIPOTI LA ULENDO WA PACHAKA WA KU SILVERSTONE

3.1 Pofuna kuthandiza mamembala atsopano amene adzawerenge izi, Mlembi akukumbutsa mwambo wa gululi. Chaka chilichonse kuyambira 2012 timapita kukaonera mpikisano wa maola asanu ndi limodzi, womwe eni ake amautcha endurance. Galimoto imodzi amaiyendetsa madalaivala atatu molandizana, ndipo yopambana ndi imene yazungulira bwalo maulendo ambiri nthawi ikamatha. Ife timasankha galimoto imodzi n'kumailemba m'buku lakuda nthawi iliyonse ikadutsa. Ulendo umodzi wozungulira bwalo ndiye lapu. Nafenso timalandizana: munthu aliyense ola limodzi. Lamulo limene anakhazikitsa a Matewere ndi a Sadiki ndi lakuti buku silitulidwa pansi mpaka wina alilandire m'manja mwako.

3.2 Wapampando anati pa gulu la WhatsApp anthu khumi ndi anayi analemba kuti abwera. Potero iwo anapeza minibasi ya mipando khumi ndi isanu ndi umodzi, n'kuphika okha mpunga ndi nkhuku zokwanira anthu onsewo. Anati minibasi inaima pa Cape Hill kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 8:15. Inanyamuka ndi anthu awiri: iwowo ndi Bambo Sakala.

3.3 Bambo Sakala anavomera kuti anakwera minibasi atangoweruka ku ntchito ya usiku, ndipo atafika ku Silverstone anapempha kuti atseke maso mphindi khumi pampando wakumbuyo. Anadzuka akumva kuti mpikisano watha. Atafunsidwa chifukwa chimene Wapampando sanawadzutsire, Wapampando anayankha kuti minibasi inali kutali ndi pamene anakhala, ndipo sakanatha kusiya buku.

3.4 Wapampando anapempha kuti m'malo mwa lipoti, Mlembi awerenge zimene zili m'mphepete mwa masamba a tsikulo. Mlembi anawerenga motere:

Ola loyamba: Matewere. Tasankha nambala 47, yobiriwira. Yayamba bwino.
Ola lachiwiri: a Chiwaya sanafike. Ndapitiriza. 47 yalowa kukakonzedwa gudumu, yatuluka ili yomaliza.
Ola lachitatu: a Sakala akupuma. Ndapitiriza.
Ola lachinayi: mvula. Mayi Namathanga mwina atsekeredwa pamsewu wa M40. Ndapitiriza.
Ola lachisanu: Mayi Mdala. Ndapitiriza. 47 yadutsa zinzake zisanu ndi zitatu.
Ola lomaliza: a Makwinja. Dzanja lauma. 47 yachitatu m'gulu lake.

3.5 Mlembi akufuna zilembedwe kuti sanatsekeredwe pa M40. Tsikulo anali pa ofu, ndipo anachapa zovala.

3.6 Wapampando anati m'zaka zonse zimene akhala akuonera, sanaonepo galimoto ikubwerera kuchoka kumchira ngati mmene inachitira 47. Anati pamene inkadutsa komaliza anatembenuka kuti auze wapafupi, koma wapafupiyo anali mzungu wovala zotsekera m'makutu. Lipoti linalandiridwa.

4. CHIFUKWA CHIMENE ANTHU SAKUBWERERA KU MPIKISANO WA MAOLA AMBIRI

4.1 Bambo Chiwaya, amene amagwira ntchito ya makompyuta mu Birmingham ndipo sabwera kumsonkhano opanda manambala, anati anafunsa mamembala mwachinsinsi. Mwa anthu 38 amene anayankha, 31 akufuna kuti ulendo wa pachaka usamukire ku ma stock car a ku Hednesford. Awa ndi magalimoto ozingidwa ndi zitsulo omwe amathamanga pakabwalo kakang'ono kozungulira, kukankhana n'kololedwa, ndipo mpikisano uliwonse umatha m'mphindi zochepa. Anayi anati kulikonse. Atatu anati Silverstone. Wapampando anafunsa kuti awiri enawo ndani, kuti awathokoze. Bambo Chiwaya anati sangadziwe, ndiye tanthauzo la chinsinsi.

4.2 Mayi Mdala, namwino wa kuchipatala cha ku Bordesley Green, anati vuto loyamba ndi loti ku endurance munthu saona mpikisano, amaona zidutswa zake. Galimoto imadutsa pamaso pako masekondi asanu, kenako yasowa kuseri kwa mitengo mphindi ziwiri. Vuto lachiwiri ndi loti pabwalo limodzi pamathamanga magulu anayi a magalimoto nthawi imodzi, aliwiro ndi aulesi omwe, moti imene ukuiona patsogolo si imene ikutsogola. Anapempha kuti mawu awo alembedwe mmene anawanenera: "A Chair, chaka chatha ana anga anandifunsa, Mum, who's winning? Ine ndinangoti funsani ankolo. Inuyo ankolo munatsegula buku n'kuyamba kuwerengera ma lap. Pomaliza kuyankha, ana anali atapita kale kukagula ma chips."

4.3 Mayi Mdala anapitiriza kuti ku Hednesford bwalo lonse umaliona ngati la mpira. Amene ali patsogolo ndiye akuwina, basi. Dalaivala ndi yemweyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nambala yake ndi yomweyo chaka ndi chaka, ndipo ukamukuwira amakweza dzanja. Anati ku endurance umayamba kumukonda munthu, kenako walowa kukathira mafuta, potuluka muli wina.

4.4 Bambo Sakala anapempha kulankhula, ndipo anachenjezedwa kuti asakweze mawu chifukwa chipinda china munali kwaya. Anati: "Ba Chair, ine nikambe chabe chilungamo. Ise ma carer tisebenza ma long day, twelve hours. Ufika, upatsidwa handover, usunga munthu asagwe, asadwale, ufikitsa ku end of shift, upereka handover. Manje pa day off yanga imodzi munipereka kukaona anthu achita shift na handover? Ni nchito yanga iyo, ba Chair! Ine nifuna kuona vinthu vigundana, nikuwe, nibwerere kunyumba." Anthu anaseka, kupatula Wapampando. Mlembi, amenenso ndi wosamalira okalamba, anaseka nawo, chifukwa zinali zoona.

4.5 Bambo Chiwaya anawonjezera kuti mpikisano wa maola ambiri umapambanidwa ndi zinthu zosaoneka ndi maso: nthawi yosinthira matayala, kusunga mafuta, kuwerenga mitambo. Anati kuti uzitsate zimenezi uyenera kuyang'ana manambala pafoni, ndipo ngati ndi choncho, foniyo angathe kuiyang'ana ali pa sofa kwawo kotentha. Anatinso ambiri mwa mamembala atsopano anabwera pa viza ya ntchito yosamalira anthu, ndipo kupeza tsiku lathunthu kumafuna kuchonderera bwana milungu inayi isanakwane. Ku Hednesford ndi pafupi, munthu angathe kupita atachoka ku tchalitchi n'kubwerako kusanade.

4.6 Wapampando anamvetsera zonsezi manja ali pabuku. Poyankha anati mfundo zonse n'zoona, ndipo sakutsutsa ngakhale imodzi. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma akudziwa kuti dziko lino silipatsa munthu nthawi yodekhera. Anakumbutsa komiti kuti asanabwere kuno kudzayendetsa mabasi, anayendetsa thiraki zaka khumi ndi chimodzi kuchoka ku Blantyre kupita ku Joni, molandizana ndi a Sadiki. Anati pamsewu umenewo anaphunzira kuti kuphwanya galimoto aliyense angathe, ngakhale woledzera. Luso ndi kumupatsa mnzako galimoto ili bwino, mabuleki osapsa, injini yosatentha, iye n'kugona podziwa kuti uli maso. Anati akamaona dalaivala akutuluka n'kumumangira mnzake lamba, iye saona shifiti, amaona anthu awiri okhulupirirana.

4.7 Bambo Sakala anati zimenezo n'zokoma kuzimva, koma zomwezo sizidzaza minibasi. Wapampando anavomera.

5. NKHANI YA MAWU AKUTI "TIBWERA"

5.1 Nkhaniyi sinali pamndandanda. Anaiyambitsa ndi Wapampando, amene anafunsa modekha kuti ngati anthu sankafuna ulendowu, n'chifukwa chiyani khumi ndi anayi analemba kuti abwera, ena mpaka kuikapo chithunzi cha chala chachikulu.

5.2 Mayi Mdala anati ayankha m'malo mwa onse. Anati: "Ankolo, tingakukanireni bwanji pagulu? Ine munakanditenga ku airport ndinu, mu January, ndilibe ndi jekete yomwe. Brave anagona pa sofa panu three weeks. Mukalemba kuti ndani akubwera, munthu sangalembe kuti ine ayi anthu onse akuona. Ndi mwano. Ndiye timalemba kuti tibwera, aliyense n'kumaganiza kuti anzake apitadi."

5.3 Bambo Chiwaya anavomereza kuti nawonso anawerengera choncho: anthu khumi ndi anayi, mmodzi akasowa sizioneka. Mlembi anawerengera chimodzimodzi.

5.4 Wapampando anati akumvetsa, nawonso analeredwa choncho. Anangoti: "Ulemu umenewo ndaulandira. Koma mukanandichita mwano pang'ono, ndikanaphika mpunga wa anthu awiri." Anati mpunga wotsalawo anaudya masiku asanu ndi anayi, ndipo wina ukadali mufiriji ngati pali aufuna.

5.5 Komiti inagwirizana kuti kuyambira lero, mawu akuti "tibwera" ndi chithunzi cha chala chachikulu sizidzawerengedwanso ngati lonjezo. Bambo Chiwaya akonza njira yoti munthu azitha kukana popanda kuonekera.

6. GANIZO LOSAMUTSA ULENDO WA PACHAKA

6.1 Bambo Chiwaya anapereka ganizo lakuti kuyambira 2026 ulendo wa pachaka uzikhala wa ku ma stock car. Bambo Sakala anathirira ndemanga yovomereza.

6.2 Asanavote, Wapampando anapempha mphindi ziwiri. Anati sakufuna kusintha maganizo a munthu, koma pali chinthu chimodzi chimene sanachinenepo, ndipo ndi bwino chilowe m'zolembedwa. Anati ku Hednesford anapitako kamodzi. Phokoso lake silikulola kumva mnzako, ndipo usanamalize kufunsa za kumudzi, mpikisano watha, anthu akuthamangira magalimoto awo. Anati chimene anthu akuchidandaula ku endurance, chakuti palibe chikuchitika, ndicho iwo amapitira. Galimoto ikasowa kuseri kwa mitengo pamatsala mphindi ziwiri zocheza, ndipo mphindi ziwirizo zimabwera kambirimbiri mpaka dzuwa kupendeka.

6.3 Anapitiriza kuti chimwalirireni mayi a kunyumba, ndipo ana awo Maya ndi Reece chisamukireni ku Leeds, m'nyumba mwawo Chichewa amachimva akamadzilankhulira okha. Pa basi amanena mawu awiri omwewo tsiku lonse. Ku tchalitchi ndi moni wa pakhomo. Anati: "Pa chaka chonse, tsiku limeneli ndi lokhalo limene munthu amakhala pambali panga six hours osayang'ana wotchi. Za magalimoto ndimazikonda, eya. Koma ndimasungulumwa, abale anga. Ndanena."

6.4 Kwaya ya chipinda china inkabwereza mzere umodzi womwewo.

6.5 Mayi Mdala anati mawuwo awapweteka mtima, ndipo anapempha kuti Wapampando azibwera kudzadya kwawo Lamlungu lililonse limene sali pa ntchito. Wapampando anathokoza n'kunena kuti adzabwera. Bambo Sakala anafunsa ngati "adzabwera" ameneyo akugwera pansi pa mfundo 5.5. Apa ndi pokhapo pamene Wapampando anaseka.

6.6 Bambo Chiwaya anati akumva chisoni, koma komiti ikuimira anthu 38, osati mmodzi, ndipo gulu likapitiriza kukonza maulendo opanda okwera lifa. Anafunsa ngati n'kotheka kuchita maulendo awiri pachaka. Mayi Mdala anati tisanamizanenso: tsiku limodzi lomwe likuvuta kale kupeza, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

6.7 Anavota pokweza manja. Malinga ndi malamulo a gulu, Wapampando savota pokhapokha mavoti akafanana. Ovomereza: anayi. Okana: palibe. Mlembi anakweza dzanja mochedwa, koma analikweza. Ganizo linadutsa.

6.8 Wapampando analengeza zotsatira ndi mawu awo a masiku onse. Anati minibasi ya ku Hednesford adzayendetsa ngati gulu lifuna, chifukwa njira akuidziwa.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Wapampando anadziwitsa komiti kuti akutula pansi udindo msonkhano uno ukatha. Anati si mkwiyo, koma gulu lalowa njira yatsopano ndipo likufunika woikonda. Bambo Chiwaya anawapempha kawiri kuti aganizenso. Anakana kawiri. Komiti inagwirizana kuti Bambo Chiwaya agwirizire mpando mpaka chisankho.

7.2 Wapampando anapempha okha kuti dzina la Bambo Abdul Sadiki lichotsedwe tsopano pamndandanda. Zinavomerezedwa.

7.3 Bambo Sakala anadandaula kuti chotenthetsera cha m'chipindachi sichikugwira ntchito mwezi wachitatu tsopano. Mlembi akauza osamalira holo.

7.4 Pomaliza, Wapampando anati buku la malapu ndi katundu wa gulu, osati wawo, choncho ayenera kulibweza. Anaimirira n'kulitambasula pamwamba pa tebulo. Bambo Chiwaya anati angolisiya pamenepo, aliika mu kabati. Wapampando anati buku silitulidwa pansi. Bambo Chiwaya anayang'ana foni. Mayi Mdala anayang'ana Bambo Sakala. Bambo Sakala anayang'ana chotenthetsera chija. Dzanja la Wapampando linakhala m'malere, ngakhale kuti bukulo ndi lolemera ndipo iwo ali ndi zaka 63.

7.5 Mlembi analandira bukulo.

7.6 Atalitsegula anapeza kuti tsamba la 2026 linali litajambulidwa kale ndi rula, mizere isanu ndi umodzi. Pamzere woyamba panali dzina la Matewere. Inayo inali yopanda kanthu. Wapampando anafotokoza kuti analijambula ali ku Silverstone komweko podikira kuti Bambo Sakala adzuke, ndipo Mlembi angathe kuling'amba. Anati iwo adzapitabe chaka chamawa pagalimoto yawo, ndipo kope lina adzagula.

7.7 Mlembi sanang'ambe tsambalo. Analemba dzina lake pamzere wachinayi, womwe anauthawa, n'kuwabwezera bukulo m'manja kuti adzayambe nalo ola loyamba. Anayamba kunena kuti chaka chamawa adzayesetsa ndithu, koma Wapampando anamudula. Anati: "Mwana wanga, musandiuze kuti mubwera. Mudzangobwera."

7.8 Mizere yachiwiri, yachitatu, yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi ikadali yopanda mayina. Mlembi sadzafunsa munthu pa WhatsApp.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Loweruka pa 22 Novembala 2025, malo omwewa, 2 koloko masana. Mfundo yaikulu idzakhala kukonzekera ulendo wa ku Hednesford. Popeza amene amayala mipando sadzakhalapo, aliyense adzadzitengere wake.

9. KUTSEKA

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 3:55 masana, a kwaya atagogoda kufuna chipinda. Bambo Matewere anapinda mipando yonse khumi ndi iwiri, anakana kuthandizidwa, n'kunyamuka wapansi kukakwera basi, buku lili m'khwapa. Mlembi anakumbukira za siginecha iwo atakhota kale pakona.

Wapampando: ______________________

Mlembi: Deliwe Namathanga (ola lachinayi)